Funsani Aphungu: Ndimatumiza mauthenga pagulu, koma palibe amene akukayezetsa

Zikomo aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 23. Chaka chatha ndinaphunzitsidwa kukhala mlangizi wa achinyamata anzanga pa nkhani za HIV. Nditabwerako ndinatsegula gulu la WhatsApp ndipo pano tilimo anthu 74, ambiri ndi anyamata omwe timasewera nawo mpira. M'mawa uliwonse ndimaponyamo chithunzi chokhala ndi uthenga, monga wakuti "Edzi ndi yoopsa, kayezetseni lero." Foni imandionetsa kuti awerenga, koma onse amangoti zii. Wina akaponya za mpira, mauthenga amachita kusefukira. Patha miyezi 6 tsopano ndipo sindikudziwa ngakhale mmodzi amene wakayezetsa chifukwa cha ine. Ndaganiza zolamula kuti aliyense akayezetse n'kutumiza chithunzi cha zotsatira zake pagulupo, wokana ndimuchotse. Kodi ndikulakwitsa pati?

Ine Wotopa ndi kulankhula ndekha

Mwana wanga, ndiyambira kumapeto kwa kalata yako, chifukwa pamenepo m'pamene mtima wanga wadumpha. Zoti anzako azitumiza zotsatira zawo pagulu, zisiye lero lomwe. Ife a m'zipinda zoyezera magazi tinaphunzitsidwa kuti munthu ayezedwe atavomera yekha, zimene zapezeka zikhale chinsinsi chake, alandire uphungu, apatsidwe zotsatira zolondola, ndipo alumikizidwe ndi chithandizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati zinthu zisanuzi zisasowe paliponse pamene munthu akuyezedwa. Ganizo lakolo likuthyola ziwiri zoyambirirazo nthawi imodzi. Tangoganiza: anthu 70 atumiza kachithunzi ka mzere umodzi, wosonyeza kuti alibe kachilombo, anayi akhala chete. Sunawaulule anayiwo pamenepo? Ngakhale zitakhala kuti anangosowa bandulo tsiku limenelo, mbiri yawo yapita kale. Ndipo chimene chalowa pa foni sichibwerera. Wina ajambula sikirinishoti, mawa chili pa gulu lina, mkuja chafika kwa chibwenzi cha munthuyo kapena kwa mayi ake.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ineyo ndinapsa nazo. Zaka zingapo zapitazo ndinkayang'anira gulu la atsikana pa WhatsApp pomwepo. Tsiku lina, mwa changu changa, ndinalemba kuti, "Amene mwayezetsa mwezi uno ndipo muli bwinobwino, kwezani chala." Zala zinangoti mbwee. Ine n'kumasangalala. Madzulo ake ndinaona kamzere kaja kakuti wakutiwakuti watuluka pagulu. Anali mtsikana wa zaka 17, wofatsa, amene sankajomba pa misonkhano yathu. Ndinamuimbira kangapo, osayankha. Patatha milungu itatu anabwera yekha, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo, zala zikupotokola lamba wa chikwamacho. Sanandiyang'ane kumaso. Anati, "Anti, ine ndinabadwa nako. Mankhwala ndinayamba kumwa ndisanayambe sukulu. Ndiye kuti ineyo sindili bwinobwino?"

Ndinamupepesa, koma liwu lija linali litaluma kale. Kuchokera tsiku limenelo, ndisanaponye chilichonse pagulu ndimayamba ndadzifunsa kuti amene ali nako kale akawerenga amva bwanji. Pa anzako 73 aja usaganize kuti onse ndi osadziwa za m'thupi mwawo. N'kutheka kuti wina akumwa kale ma ARV mwakachetechete, kapena amawatengera mayi ake kuchipatala mwezi ndi mwezi, ndiye m'mawa uliwonse moni amene ukumupatsa ndi wakuti "Edzi ndi yoopsa."

Uthenga umenewo ndi wa nthawi yathu, pamene tinkaika anzathu m'manda motsatizana mankhwala kulibe. Nthawi imeneyo kuyezetsa kunali ngati kukamva chigamulo cha kukhothi. Ndiye ndani angadzuke yekha m'mawa kukafunafuna chigamulo? Anyamata akowo si kuti sadziwa zoti HIV iliko. Amadziwa kuyambira ali ku pulayimale. Chimene sadziwa n'chimene chili kuseri kwa chitseko cha chipinda choyezeramo, ndipo ntchito yako ndi kuwauza chimenecho.

Auze kuti kuyambira mu 2015 WHO inalangiza kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo aziyamba ma ARV osadikira kuti adwale kapena kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Ambiri masiku ano amamwa piritsi limodzi lokha pa tsiku, lokhala ndi mankhwala otchedwa dolutegravir. Auzenso nkhani imene ine ndaona ikuwongola mapewa a anyamata ambiri: munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina osationa, kawirikawiri mkati mwa miyezi 6. Kafukufuku wa HPTN 052, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa ndi 96 pa 100 alionse mpata wopatsira mnzako wogona naye. Kafukufuku wina wotchedwa PARTNER anatsatira mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, akugonana popanda kondomu, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anatengera kachilombo kwa mnzakeyo pamene tizilombo tinali tosakwana 200 pa mililita imodzi ya magazi. Mnyamata amene amaganiza kuti mizere iwiri, yosonyeza kuti ali nako, ndiye kuti basi sadzakwatira, sadzabereka, mpira wathera pomwepo, akamva zimenezi amapuma kaye n'kufunsa kuti, "Zoona?" Funso limenelo ndiye poyambira pako.

Wopezeka alibe nayenso satuluka chimanjamanja. Pali makondomu, pali mdulidwe wa kuchipatala umene umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse mpata woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi, komanso pali PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti adziteteze. M'malo ena PrEP ikupezekanso ngati jakisoni. Zonsezi khomo lake ndi limodzi: uyambe wayezetsa.

Tsopano za kalembedwe. Zithunzi zimene ukutumizazo zinapangidwa ndi munthu wina muofesi, ndipo anzakowo amazizindikira msanga ngati mmene amazindikirira uthenga wotsatsa malonda. Amangodutsa ndi chala. Iwe chimene uli nacho choposa ofesi iliyonse n'chakuti umathamanga nawo pabwalo limodzi. Ndiye lankhula ngati iweyo. Pita ukayezetse, ngakhale unayezetsa kale, ndipo potuluka ujambule mawu ako kwa mphindi imodzi yokha, m'chinenero chimene mumachezera: mmene unkaopera uli pa benchi, mmene anakubayira kansonga ka chala moti sunamve n'komwe, mphindi 15 kapena 20 zodikira zija zimene zimatalika ngati chaka, zimene mlangizi anakufunsa, ndiponso zoti munali awiri okha m'chipindamo chitseko chili chotseka. Zotsatira zako usanene. Ukanena kuti "ndili bho," wabwereza kulakwa kwanga kuja, ndipo waika lamulo lakuti wobwerako aliyense azilengeza. Nena za ulendowo basi, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Amene akufuna ndimuperekeze andipeze ku inibokosi, sindifunsa zotsatira."

Ukatero usayembekezere kuti pagulupo pakhala phokoso. Padzakhalabe zii, ndipo si vuto. Palibe mnyamata amene angalembe pamaso pa anzake 73 kuti akuda nkhawa ndi mtsikana amene anagona naye mwezi watha. Adzabwera cham'ma 11 koloko usiku, kuseri, ndi mawu akuti, "Aise, pali mnzanga wina amafunsa kuti…" Mnzakeyo umusiye akhale mnzake, usamuumirize kuti avomere kuti ndi iyeyo. Yankha funsolo modekha. Ena amatenga milungu akuzungulira asanati "tiye mawa." Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso, usamalankhule wekha. Pagulu lililonse pamakhala anthu awiri kapena atatu amene akayankhula ena onse amatchera khutu: kaputeni wa timu, uja wanthabwala amene aliyense amamuseka, uja amene anzake amathamangira kwa iye zikavuta. Nzeru imeneyi si yanga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza wina wa ku United States, Jeffrey Kelly, anayesa kupeza anthu amene anzawo amawakonda ndi kuwamvera m'malo ochezera, n'kuwaphunzitsa kuti azingocheza ndi anzawowo za kudziteteza, ndipo khalidwe loika moyo pachiswe linatsika m'mizinda imene anachita zimenezi. Pita kwa kaputeni wanuyo pamaso, osati pa foni. Umupemphe kuti mupite limodzi, ndipo mawu aja ajambule ndi iyeyo. Liwu lake limodzi lidzachita zimene zithunzi zako za miyezi 6 zalephera.

Padzakhalabe ena amene benchi ya kuchipatala amaiopa kuposa jakisoni, poti akhoza kukumanapo ndi aneba. Amenewo auze za zipangizo zodziyeza wekha, zimene WHO inazivomereza mu 2016. Zina umangopukuta nazo nkhama, zina umadzibaya pachala. Kafunse kuchipatala chimene unaphunzitsidwira ngati angamakupatse zoti uzigawira anzako. Ukamupatsa munthu, muonetse kagwiritsidwe ntchito kake, umuuze kuti mizere iwiri ikatuluka ayenera kukatsimikiza kuchipatala, kenako umusiye akadziyeze pamene iye wafuna.

Usaiwalenso kuti foni zambiri sizikhala za munthu mmodzi. Mng'ono wako amabwereka, chibwenzi chako chimatsegula. Ika loko, ndipo zokambirana za ku inibokosi uzifufuta mukamaliza. Mlangizi amene chinsinsi chimodzi chokha chatulukira kwa iye, ntchito yake yatha, ngakhale atakhala ndi satifiketi khumi.

Wati sukudziwa ngakhale mmodzi amene wakayezetsa chifukwa cha iwe. Mwina alipo, koma sanakuuze, ndipo sali wokakamizidwa kukuuza. Ine pali anthu amene anadzandithokoza patatha zaka zinayi. Ngati ukufuna chowerengera, usawerenge zala zokwezedwa pagulu. Werenga mafunso a ku inibokosi, zipangizo zimene wagawa, ndi maulendo amene waperekeza munthu n'kumudikira panja. Bungwe la United Nations loona za Edzi la UNAIDS linati mu 2023 anthu pafupifupi 39.9 miliyoni padziko lonse anali ndi HIV, ndipo 86 pa 100 alionse ndiwo ankadziwa. Otsalawo, anthu oposa 5 miliyoni, sankadziwa, ndipo amuna ndiwo amatsalira kwambiri pa kuyezetsa poyerekeza ndi akazi, amene ambiri amayezedwa ku sikelo ya amayi oyembekezera. Cholinga chimene mayiko anagwirizana n'chakuti odziwa afike 95 pa 100 alionse. Amene akusowawo sapezeka pa misonkhano ya m'maholo. Ali pa magulu a mpira ngati lakolo, ndiye usalitseke.

Zikomo aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 20. Mnzanga wapamtima anadziyeza yekha atamva ine ndikulimbikitsa pa Facebook. Usiku ananditumizira chithunzi cha kachipangizo kaja. Pali mizere iwiri, koma wachiwiriwo ndi wosaoneka bwino. Analemba kuti "moyo wanga watha," ndipo kuyambira pamenepo amayankha mawu amodziamodzi. Ndikudziimba mlandu chifukwa ndine ndinamuuza. Ndimutumizire chiyani?

Ine Wosowa mtendere

Mwanawe, usamutumizire kanthu. Nyamuka upite kumene ali. Foni yagwira kale ntchito yake pomufikitsa pa kudziyeza, koma pamene wafikapa pakufunika munthu wokhala naye pamphasa, ngakhale osalankhula.

Ukafika, choyamba umuuze zoona zake za kachipangizoko. Kudziyeza wekha ndi poyambira chabe, si chigamulo. Mzere wachiwiri, ngakhale wofooka chotani, timautenga kuti ndi mzere, ndiye usamunamize kuti "palibe kanthu, ndi wosaoneka." Koma usamuuzenso kuti ali nako. Tanthauzo lake n'lakuti apite akayezedwe ndi wodziwa ntchitoyo, amene adzagwiritsa ntchito zipangizo zosiyanasiyana motsatizana asananene chilichonse. Nthawi zina zimapezeka kuti kachipangizo kanalakwitsa, makamaka ngati kanawerengedwa nthawi itapitirira. Kopukuta nkhama kaja, mwachitsanzo, kamawerengedwa pakatha mphindi 20 ndipo zisapitirire 40. Koma nthawi zambiri mizere iwiri imatsimikizika, ndipo ndi bwino upite utakonzeka kumva zimenezo. Umuperekeze, ukhale panja, ulowe pokhapokha iye atakuitana.

Mawu ake akuti "moyo wanga watha" usawapeputse. Mufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, usamusiye yekha, ndipo mupite kwa wachipatala tsiku lomwelo, kapena muitane wamkulu amene iye amamukhulupirira. Ungathe kupempha thandizo limenelo osatchula n'komwe za mizere ija.

Chithunzi chija uchifufute mu foni yako, ndipo umupemphe achifufutenso kwake. Usachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa mnzako wa unamwino kuti "akuonere."

Za kudziimba mlandu, ndimvere bwino. Ngati kachilomboko kalimo, sunakaikemo ndiwe. Kanalimo kale, kakudya chitetezo chake mwakachetechete, ndipo kakanadzadziwika patsogolo iye ali gone pabedi la chipatala ndi chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi. Ndawaona ambiri obwera mochedwa chonchi, atanyamulidwa. Mnzakoyu akupita ndi miyendo yake. Chimene ndingakupemphe n'chakuti ulendo wina ukamalemba pa Facebook zolimbikitsa kudziyeza, uziwonjezera chiganizo chimodzi chonena zoyenera kuchita mizere ikatuluka iwiri, ndi kumene munthu angapite. Amene akudziyeza yekha pakati pa usiku alibe womufunsa koma zimene unalembazo.

Zikomo aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, wapabanja. Ndinapunthwa paulendo wa kuntchito, kondomu panalibe. Patatha masiku awiri ndinadziyeza ndipo unatuluka mzere umodzi. Mkazi wanga ndi woyembekezera ndipo ku sikelo anamupeza alibe. Pa TikTok ndinaona wina akunena kuti mkazi akakhala alibe ndiye kuti mwamunanso alibe, komanso akugulitsa mankhwala azitsamba otsuka magazi. Kodi ndili pabwino?

Ine Bambo wodandaula

Bambo, mwachita bwino kufunsa, koma sindinganene kuti muli pabwino. Zipangizo zoyezera mwachanguzi kwenikweni sizifufuza kachilombo kenikeniko, zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo thupi limatenga nthawi kuti liwapange. Kwa ambiri zimaoneka pakatha milungu ingapo, kwa ena mpaka miyezi itatu. Mzere umodzi wa tsiku lachiwiri ukunena za moyo wanu wa m'mbuyomo, osati za usiku umenewo.

Chimene chinkafunika tsiku lachiwirilo ndi PEP, mankhwala amene munthu amayamba mkati mwa maola 72 n'kumwa kwa masiku 28 kuti kachilombo kasakhazikike. Kwa inu nthawiyo yadutsa, koma ndalemba kuti ena owerenga adziwe zothamangira kuchipatala, osati pa foni.

Wa pa TikTok uja wakunamizani kawiri. Zotsatira za akazi anu ndi zawo. Mabanja amene mmodzi ali nako wina alibe ndi ambiri zedi, ndipo ena amakhala choncho kwa zaka osadziwa. Komanso palibe chitsamba, tiyi kapena ufa umene umatsuka HIV m'magazi. Munthu akamakuuzani za umoyo uku akukupatsani nambala yotumizira ndalama, dziwani kuti chimene akusamala ndi thumba lake.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mimbayo. Munthu amene wangotenga kumene kachilombo amakhala ndi tizilombo tochuluka kwambiri m'magazi, ndiye ndi nthawi imene amapatsira mnzake mosavuta. Mayi akatenga kachilombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, mpata woti kafike kwa mwana umakhala waukulu. Choncho kuyambira usiku uno gwiritsani ntchito kondomu, kapena muyambe mwadikira. Ndikudziwa kuti mayiwo adzafunsa chifukwa chake, ndipo kuyankha kwake n'kowawa. Ngati mukuona kuti simungathe nokha, kayambeni mwaonana ndi mlangizi kuchipatala. Kuthandiza mabanja kukambirana nkhani ngati imeneyi ndi ntchito imene timagwira tsiku ndi tsiku, ndipo adzaonanso ngati mayiwo akufunika PrEP pa nthawi yodikirayi. Mukapemphenso kuti akuoneni za matenda ena opatsirana pogonana, makamaka chindoko, chimene chimavulaza mwana ali m'mimba koma chimachizika ndi jakisoni.

Kayezetseni pakatha milungu 4 mpaka 6 kuchokera tsiku lija, n'kudzabwerezanso ikakwana miyezi itatu. Masiku awiriwo alembeni lero pa kalendala ya mu foni yanu, ndipo tsiku la sikelo likubwerali mupite nawo mayiwo.